Mutu 7: Dzanja la Kumsana

1. Awiri pa bwalo limodzi

Anthu a tenisi amakonda kupatsana mayina. Mtsikana wa nkhani yathuyi anamutcha Kamphepo, chifukwa akamathamangira mpira, woonerera ankangoona siketi yoyera ikudutsa. Mkulu wake, wobadwa naye bere limodzi, ankamutcha Chipupa. Iyeyu akaima pafupi ndi neti, mpira sunkadutsa. Unkangobwerera kumene wachokera.

Awiriwa ankasewera tenisi ya awiriawiri, ija mumaima awiri mbali ino, awiri mbali inayo. Sankasewera mongotayitsa nthawi ayi. Imeneyi inali ntchito yawo. Ankayenda m'mipikisano ikuluikulu ya akatswiri, zikwama kumsana, sabata ino mzinda uno, sabata yamawa mzinda wina.

Chipupa ndiye anamugwiritsa Kamphepo raketi koyamba, chomenyera mpira chija, mwanayo asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Koma tsopano bondo lakumanja la Chipupa linali litatopa. Dokotala anali atamuuza mosapsatira mawu kuti chaka chimenechi n'chomaliza. Ndipo pa zaka zonse zimene anasewera, Chipupa anali asanapondepo m'fainolo ya mpikisano waukulu. Ankafika pakhomo, n'kubwerera.

Tsiku limenelo anali pakhomo pomwepo. Akanapambana masewero a masanawo, mawa lake akanalowa m'fainolo.

M'mawa awiriwa anali m'chipinda chosinthira zovala. Munkamveka fungo la mafuta othowera minofu ndi la matawulo onyowa. Chipupa anakhala pa benchi, mwendo atautambasula, akukulunga bondo ndi bandeji.

"Iwe, tabwera undigwirire apa," anatero. "Bondo limeneli ndikuganiza kuti linabadwa ine ndisanabadwe. Amenewa ndi agogo anga."

"Ndiye muziwalemekeza, achemwali," anayankha Kamphepo akuseka. "Musamawathamangitse padzuwa."

"Lero lokha ndi mawa. Akandipirira, ndikawagulira mpando wandalema, azikangokhala n'kumalamula."

Anaseka onse awiri. Kenaka Chipupa anasiya kuseka, n'kugwira dzanja la mng'ono wake.

"Ukudziwa kuti ine sindinakupemphepo kanthu. Koma lero ndikupempha. Undilowetse m'fainolo, mwana wa mayi anga. Kamodzi kokha. Ndikaime pa bwalo lalikulu lija, amayi andione, basi. Zikatero ndikapachika raketi mtima uli m'malo."

"Tilowa, achemwali. Musadandaule."

Anayankha msanga. Ana amene sanaonepo chinthu chikutha amayankha msanga choncho.

2. Bambo wa suti yotuwa

Kamphepo anatuluka ndi botolo kukatunga madzi akumwa. M'khonde lalitali lopita ku bwalo anakumana ndi bambo wina wa suti yotuwa, wonunkhira mafuta apamwamba. Anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali manijala wa Mphezi.

Nanga ndani sankamudziwa Mphezi? Zithunzi zake zinali pa khoma lililonse la pamalopo. Anali katswiri wa akatswiri pa tenisi ya awiriawiri, wa zikho zodzadza kabati. Mnzake wosewera naye anali atangosiya kumene masewera chifukwa anali woyembekezera, ndipo aliyense ankadziwa kuti Mphezi akusaka wina.

"Mtsikana, taima kaye," anatero bamboyo. "Takhala tikukuona. Uli ndi miyendo. Mphezi akufuna munthu wa miyendo."

Kamphepo anatsitsa botolo lija n'kutchera khutu.

"Koma pali vuto limodzi," bamboyo anapitiriza. "Iwe umasewera ngati mwana wotumidwa. Mkulu wako akati ima, umaima. Akati pita, umapita. Ife sitikudziwa chimene ungachite pawekha. Lero tikhala m'mipando ya pamwamba, kudzanja lamanja. Utionetse. Ukayambitsa mpira usamatsalire kumbuyo. Uzithamangira pa neti, uzimaliza wekha. Tikakhutira, sabata yamawa ukwera nafe ndege."

"Nanga achemwali?"

Bamboyo anamwetulira ndi mano okha.

"Mkulu wako wadyerera nthawi yake. Za bondo lija aliyense akuzidziwa. Kapena ukufuna mukalambire limodzi?"

Atanena zimenezi anapita, nsapato zikulira pa simenti. Kamphepo anatsala ataima pomwepo. Kusewera ndi Mphezi! Ndi mtsikana uti wa tenisi amene sanalotepo zimenezi? Tisamunamizire, aliyense akanasokonezeka mutu.

Anabwerera m'chipinda muja botolo lili gwa, lopanda ndi dontho lomwe.

"Madzi aja ali kuti?" Chipupa anafunsa.

"Ndaiwala."

"Wapita kukatunga madzi, n'kuiwala madzi? Koma iwe! Kapena wakumana ndi mnyamata m'khondemo?"

Kamphepo anaseka pang'ono, n'kutulukanso. Za bambo wa suti sananene kanthu.

3. Mawu a akochi

Kuti mumvetse zimene zinachitika masana amenewo, muyenera kudziwa mwambo umodzi wa osewera awiriawiri.

Mmodzi amayambitsa mpira ataima kumbuyo kwenikweni kwa bwalo. Mnzake amaima kutsogolo, pafupi ndi neti, atamufulatira. Mpira usanayambe, wa pa netiyo amabisa dzanja kumsana kuti adani asaone. Akafumbata chibakera, ndiye kuti akunena kuti, "Ndiima pomwe pano." Akatambasula dzanja, ndiye kuti akunena kuti, "Ndidumphira mbali yako kukadula mpira, iwe thamangira mbali yanga." Wakumbuyo amayang'ana dzanjalo, kenaka amayankha mokweza kuti, "Eya!" Popanda yankho limeneli, wa pa neti sasuntha.

Mwambo umenewu anawaphunzitsa ndi kochi wawo, mayi wa imvi mbuu, wamfupi, woyenda ndi kachipewa kakale kamene kanali katasuluka ndi dzuwa. Iwonso pa utsikana wawo ankasewera awiriawiri. Onse ankangowatchula kuti akochi.

Nthawi yolowa m'bwalo itayandikira, akochi anamuitanira Kamphepo pambali, kuseri kwa makabati a zovala.

"Khala pansi, mwana wanga. Ndakuona uli ndi bambo wa suti uja. Sindikufunsa zimene wanena, chifukwa ndikuzidziwa. Anthu amenewa mawu awo sasintha. Inenso ndili mtsikana anandiimitsapo m'khonde ngati lomwelo.

"Sindikukuletsa kukwera. Mwana amakula, ndipo tsiku lina udzasewera ndi anthu ena. Limenelo si tchimo. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Lero uli ndi phanga limodzi, ndiye mkulu wako. Za sabata yamawa udzaziganize sabata yamawa.

"Tamvera. Pa tenisi ya mmodzimmodzi, ukalakwa umadzilakwira wekha. Pa awiriawiri, ukalakwa amamva kuwawa ndi mnzako. Munthu woima pa neti alibe maso kumsana. Wakufulatira, osati chifukwa chokunyoza, koma chifukwa chokukhulupirira. Kumbuyo kwake kuli iwe, raketi ili m'manja, mpira ukuthamanga kuposa galimoto. Iye sakukuona. Chimene ali nacho ndi liwu lako lokha.

"Ndiye 'eya' ameneyu si moni ayi. Si mawu ongotaya, ngati poyankha munthu wodutsa mumsewu amene wafunsa ngati wadzuka bwino. Ukati 'eya' ukunena kuti ndaona dzanja lako, pita usaope, kumene ukupitako ine sindibwerako. Ngati sunaone, nena kuti sunaone. Palibe woyimbira masewero amene analangapo munthu chifukwa chofunsa kawiri. Ine ndaona atsikana ochenjera kuposa iwe akulira m'zipinda zimenezi. Sikuti sankadziwa kumenya mpira. Koma pakamwa panayankha maso ali kwina.

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndatha."

"Ndamva, akochi," anatero Kamphepo, akukonza zingwe za raketi ndi zala.

Anamvadi, koma anamvera kukhutu kokha.

4. Masana pa bwalo

Dzuwa linali phwee, ndipo mipando inali yodzadza. Mayi awo a atsikanawa anakhala m'munsi kudzanja lamanja, pambali pa akochi. Mayiwa anali ndi chizolowezi chawo: masewero akafika pothina, ankatseka maso n'kuyamba kupemphera. Pamwamba pawo, m'mipando ya anthu olemekezeka, panakhala Mphezi atavala magalasi akuda, ndi bambo wa suti uja.

Adani awo anali akazi awiri ozolowerana, wina wamtali womenya ndi dzanja lamanzere, wina wamfupi wa mapewa aakulu. Sanali anthu oti n'kuwaderera.

Chigawo choyamba chinayenda bwino. Chipupa anali Chipupa weniweni. Ankati akatambasula dzanja kumsana, "Eya!" n'kumveka, iye n'kudumpha, mpira n'kufera pamapazi pa adani. Pointi ikatha, awiriwa ankagundana zikhatho monga amachitira osewera onse, kaya apambana kaya aluza. Anatenga chigawocho mosavuta.

M'chigawo chachiwiri Kamphepo anaponya diso m'mwamba. Anaona Mphezi akuyasamula.

Kuyambira pamenepo anasintha. Anayamba kulanda mipira imene sinali yake. Mpira ukabwera pakati, woyenera Chipupa, iye ankafika kale n'kuumenya mwamphamvu. Ina inkalowa, anthu n'kukuwa. Yambiri inkatuluka kunja. Akayambitsa mpira sankadikiranso kumbuyo, ankangoti liwiro kulunjika pa neti.

"Umene uja unali wanga," Chipupa anamunong'oneza pogundana zikhatho.

"Pepani, achemwali."

Posakhalitsa anachitanso chimodzimodzi. Adani aja anaona mpata umene ankausiya kumbuyo, ndipo anayamba kuponyera mipira komweko. Chipupa ndiye ankathamangira kukatseka, ndi bondo lake lomwelo. Chigawo chachiwiri chinapita.

Pa benchi yopumira, Chipupa anadziphimba tawulo kumutu, akupuma movutika. Kenaka analichotsa n'kumuyang'ana mng'ono wake.

"Uli kuti lero, iwe? Thupi ndikuliona, koma mwini wake palibe."

"Ndili pompano."

"Bwerera, chonde. Agogo aja ayamba kudandaula. Sinditha kuthamanga mbali ziwiri."

Kamphepo anagwedeza mutu, ndipo anayesetsadi. Panatsala kachigawo kakafupi kothetsa mkangano. Anasewera mogwirizana ngati kale, pointi iyi yawo, iyo ya adani, mpaka anatsogola. Fainolo inali pafupi moti mukanatha kuigwira ndi dzanja. Mayi aja anali atatseka kale maso, milomo ikugwedera.

Inali nthawi ya Kamphepo yoyambitsa mpira. Anaima kumbuyo, akugunditsa mpira pansi. Chipupa anawerama pa neti, n'kuika dzanja kumsana. Analitambasula, zala zonse zisanu poyera.

Nthawi yomweyo m'mwamba muja Mphezi anaimirira, n'kukoleka chikwama paphewa ngati munthu amene waona zokwanira. Maso a Kamphepo anathamangira komweko. Akupita? Asanaone chilichonse?

"Eya!"

Linatuluka lokha liwulo, mwa chizolowezi, monga linkatulukira tsiku ndi tsiku. Dzanja la mkulu wake sanaliyang'ane.

Anamenya mpira ndi mphamvu zake zonse, n'kuthamangira kutsogolo, mbali yake yomweyo, kuti akamalize yekha Mphezi asanatuluke. Chipupa naye, atamva "eya", anadumphira mbali yomweyo ndi mtima wonse, maso ali pa mpira, osaopa kanthu.

Anakumana pakati.

Phewa la Kamphepo linagunda nthiti za mkulu wake pamene phazi lakumanja la Chipupa linali litangoponda pansi. Thupi linatembenuka, phazi linatsala. Panamveka kaphokoso kakang'ono, thwa, ndipo a m'mipando yapafupi anakamva.

Bwalo lonse linati zii.

"Ndidzuka," Chipupa ankatero, akukwawa ndi zigongono. "Musandigwire, ndidzuka. Tatsala pang'ono. Iwe, tandipatsa raketi yanga."

Anayesa kuima. Mwendo unakana, ndipo anagwanso. Apa ndi pamene analira, kulira kwa munthu wamkulu kumene kumachititsa manyazi anthu omva. Woyimbira masewero anatsika pa mpando wake wautali. Mdani wamtali uja anadumpha neti, n'kumuika tawulo pansi pa mutu. Anabwera anthu ndi machira.

Mayi aja atatsekula maso, anaona mwana wawo akunyamulidwa. Woyimbira analengeza kuti masewero athera pomwepo, ndipo adani aja ndiwo alowa m'fainolo. Palibe amene anawomba m'manja, ngakhale opambanawo.

5. M'khonde la chipatala

Dzuwa linali litapendeka pamene dokotala anatuluka. Kamphepo anali akadali mu siketi yake yoyera, fumbi la pabwalo lili m'mawondo. Anakhala pa benchi ndi mayi ake, pansi pa wailesi ya kanema imene inkaonetsa masewero ena popanda mawu.

"Mitsempha ya bondo yaduka," anatero dokotala. "Timuchita opaleshoni mawa. Kuyenda adzayenda, pang'onopang'ono. Koma za tenisi, mayi, tisanamizane. Zatha."

Mayi aja anangoti, "Zikomo, adokotala," n'kugwira pakamwa.

Dokotala atangochoka, kunatulukira bambo wa suti uja, atanyamula maluwa. Abale, anthu ena manyazi anawasiya kuti? Anapereka maluwawo kwa mayi aja, n'kupepesa ndi mawu osalala. Kenaka anamukokera Kamphepo pambali, koma osati patali moti mayi n'kulephera kumva.

"Zachitikazi n'zachisoni. Koma liwiro lako taliona. Mphezi sikuti amachoka ayi, amatsika kuti akuonere pafupi. Malo aja ndi ako. Utiyankhe mawa."

Anamusisita paphewa n'kumapita.

Mayi aja anaika maluwawo pansi pa benchi. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Tabwera ukhale apa," anatero. "Mwana wanga, ine tenisi sindiidziwa. Ndakhala ndikukuchapirani masiketi oyerawa zaka zonsezi, koma mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake anthu amawomba m'manja pena, pena n'kukhala chete. Chimene ndimadziwa ndi ana anga. Iwe ukalakwa umaluma mlomo wam'munsi. Unkatero uli wamng'ono ukaswa kapu, ndipo ukutero panopa.

"Sindinaone chimene chachitika, ndinali nditatseka maso. Tsoka silinunkha. Ngati ndi ngozi chabe, pukuta misozi, mwini wake ndi Mulungu. Koma ngati pali chimene ukuchidziwa, ukachinene lero lomwe. Bala la lero limatsukika ndi madzi. Ukaliphimba limatukusira, ndipo mapeto ake amadula chiwalo.

"Ndikuuze chinthu chimene sukuchidziwa, chifukwa unali mwana. Anthu a masutiwa anabweranso kwa mkulu wako, kale, bondo lisanayambe kuvuta. Anabwera mpaka kunyumba, anakhala pa mipando yathu yomwe ija. Ankamufuna kuti akasewere ndi munthu wotchuka. Iye anawabweza. Anati, 'Ndikudikira mng'ono wanga akule.' Ine ndinamukalipira, ndinati ndiwe chitsiru, mwayi sudikira munthu. Anangoseka. Anadikira, iwe n'kukula.

"Sindikunena izi kuti ndikusenzetse katundu. Ndikunena kuti udziwe mtima wa munthu amene wagona m'chipindamo. Munthu ameneyu akhoza kukukhululukira chilichonse chimene ungamuuze. Koma sangakhululuke chimene sunamuuze, chifukwa sachidziwa."

Kamphepo analira, mutu uli pamiyendo ya mayi ake. 

Namwino anasuzumira pakhomo.

"Wodwala uja wadzuka. Akufuna mng'ono wake, yekha."

6. Funso la achemwali

Chipindacho chinali chaching'ono, cha bedi limodzi ndi zenera loyang'ana poimika magalimoto. Chipupa anagona chagada, mwendo atauika pa mapilo, utamangidwa kuyambira pantchafu mpaka pakakolo. Nkhope yake inali itatuwa. Mankhwala opha ululu anali atamulemeretsa maso.

"Khala apa," anatero, akusisita m'mphepete mwa bedi. "Wavulala?"

"Ayi, achemwali."

"Phewa?"

"Lili bwino."

"Zikomo Mulungu." Anapuma kaye. "Adokotala andiuza. Usandibisire nkhope, ndamva zonse. Agogo aja apuma ndithu, mpando wandalema asanauone."

Anayesa kuseka, koma sizinatheke.

"Pali chinthu chimodzi chikundisautsa. Mutu wanga sukugwira bwino ndi mankhwalawa. Ndikukumbukira ndikuika dzanja kumsana. Ndikukumbukira liwu lako. Kenaka ndili pansi. Pakatipo palibe. Ndiye ndati ndifunse iwe, chifukwa dzanja langa amaliona ndi iwe wekha. Tandiuza, unaona chiyani?"

Apa ndiye panali pamphambano. Yankho loona linali lalifupi, mwana wa sukulu ya mkaka akanatha kulinena: sindinayang'ane. Likanawawa, inde. Pakanakhala misozi, mwina masiku osalankhulana. Koma likanatsukika.

Kamphepo anayang'ana mwendo womangidwa uja. Anayang'ana pazenera. Anachita mantha, mantha enieni, oti mkulu wake akadziwa sadzamuyang'ananso ngati kale.

"Chibakera, achemwali."

"Chibakera?"

"Munafumbata. Ndiye ine ndinadziwa kuti muima pomwepo."

Chipupa anakweza dzanja lake lamanzere pang'onopang'ono. Analiyang'ana ngati la munthu wina. Analifumbata, n'kulitambasula, n'kulifumbatanso.

"Ine ndimayesa ndinatambasula," anatero motsitsa mawu. "Ndithu ndimayesa ndinatambasula."

Kamphepo anayang'ananso pazenera.

"Zaka zonsezi sindinasokonezepo dzanja. Ngakhale tsiku limodzi." Misozi inayamba kutsikira m'makutu mwake, chifukwa anali chigonere. "Ndiye kuti si bondo lokha limene linakalamba. Ndi mutu womwe. Ndimaumirira chiyani ine? Anthu ankandiuza kuti siya, ine osamva."

Sanakayike ngakhale pang'ono. Akanakayika bwanji? Moyo wake wonse wa pa bwalo ankakhulupirira liwu limeneli osacheuka.

Anagwira dzanja la mng'ono wake ndi manja awiri.

"Pepa, mwana wa mayi anga. Ndakuluzitsa fainolo yako yoyamba. Ndinakupempha kuti undilowetse, iwe unandifikitsa pakhomo, ine n'kutseka chitseko ndekha. Ndipo ndikanakuvulaza. Ukanathyoka iwe, ndikanawauza chiyani amayi? Undikhululukire."

"Achemwali, musatero..."

"Ayi, ndisiye ndinene. Akakufuna anthu ena, pita. Usandidikire, palibenso chodikira. Ukapeze mnzako wa mutu wabwino, amene dzanja lake limanena zimene mtima ukuganiza. Wamva? Nena kuti wandikhululukira, ndigone."

Kalanga ine! Wolakwiridwa kupepesa, wolakwa n'kumapemphedwa chikhululukiro. Kamphepo anatsekula pakamwa, ndipo mawu amene anatuluka anali oipa kuposa bodza loyamba lija.

"Ndakukhululukirani."

Chipupa anatseka maso, akumwetulira pang'ono. Posakhalitsa anagona, dzanja la mng'ono wake akadaligwira. Kamphepo anachotsa zala za mkulu wake chimodzichimodzi, n'kutuluka mwakachetechete.

M'khonde mayi ake munalibe, anali atapita kukasaina za opaleshoni. Pafupi ndi chitseko panaima akochi, zikwama ziwiri za maraketi zili pamapazi awo, kachipewa kaja kali m'manja. Chitseko chinali chosatsekedwa bwino nthawi yonseyo.

Kamphepo anafuna kuwalambalala. Akochi anatchinga njira ndi mkono.

"Ine ndinakhala m'munsi mwa mipando ya anthu aja," anatero, osakweza mawu. "Pamene unkayang'ana m'mwamba, nkhope yako yonse inali kwa ine. Ndipo dzanja la mkulu wako ndinaliona, zala zonse zisanu."

Kamphepo anacheukira kuchitseko chija.

"Akadzuka, wina amuuza," anatero akochi. "Ulowa wekha, kapena ndilowe ine?"